Mafunso ndi mayankho: kusankha operating system ya kompyuta ndi kusintha kuchoka pa ina kupita pa ina

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa aphunzitsi, ophunzira a m'makoleji, alembi a makalabu a alimi ndiponso eni malo otayipira ndi kusindikiza makalata kuno ku Dedza ndi kwa anansi athu a ku Ntcheu. Ambiri mwa ofunsawa ali ndi laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, yogulidwa ku Lilongwe kapena yotumizidwa ndi mbale wa ku Joni, ndipo intaneti amaipeza pogula bandulo ya pafoni. Mayankhowa alembedwa poganizira munthu wotere, osati munthu amene ali ndi makina atsopano ndi intaneti yopanda malire.

Kodi operating system n'chiyani kwenikweni?

Ndi pulogalamu yaikulu imene imayamba kudzuka mukayatsa kompyuta, ndipo mapulogalamu ena onse amagwira ntchito modalira iyo. Ndiyo imalandira zimene mwalemba pa kiyibodi, kuonetsa zinthu pa sikirini, kusunga mafayilo pa hadi disiki, kutumiza kalata ku pirinta ndiponso kugawira pulogalamu iliyonse gawo lake la RAM (malo amene kompyuta imasungamo kwa kanthawi zimene ikugwirapo ntchito), monga momwe kapitawo amagawira aganyu ndime m'munda. Ambiri amangoitchula kuti sisitemu, ndipo ndi mmene tiziitchulira pano.

Chinthu chimodzi chimasokoneza anthu ambiri: Word ndi Excel si mbali ya Windows. Amenewa ndi mapulogalamu a Microsoft Office, amene amaikidwa padera ndipo ali ndi laisensi yawoyawo. Munthu akati "kompyuta yanga ili ndi Windows 2016", nthawi zambiri amakhala akutchula Office, osati sisitemu.

Ndi masisitemu ati amene munthu angasankhepo?

Wodziwika kwambiri ndi Windows wa kampani ya Microsoft, amene mumupeza pafupifupi mu ofesi iliyonse ya pa boma. Pali macOS ya Apple, koma imabwera ndi makompyuta a Apple okha ndipo chilolezo chake sichilola kuiika pa HP kapena Dell, choncho kusankha macOS ndi nkhani yogula Mac, osati yosintha sisitemu pa makina amene muli nawo kale.

Pali Linux, imene Linus Torvalds adaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki m'dziko la Finland. Aliyense amaloledwa kuitenga, kuisintha ndi kuigawira ena mosalipira, n'chifukwa chake ili ndi mitundu yambiri monga Ubuntu, Linux Mint, Debian, Fedora ndi Zorin OS. Ngati foni yanu ndi ya Android, ndiye kuti mtima wa Linux mumayenda nawo kale m'thumba. Pomaliza pali ChromeOS Flex imene Google idatulutsa mu 2022 kuti izitsitsimutsa makompyuta akale. Ndi yopepuka ndithu, koma ntchito zake zambiri zimafuna intaneti, kotero sindiilimbikitsa kwa munthu amene amawerengera megabayiti iliyonse ya bandulo yake.

Ndangoyamba kumene kuphunzira kompyuta. Ndisankhe iti?

Ngati kompyuta yanu ingathe kunyamula Windows 11 ndipo ili ndi laisensi yeniyeni, khalani pomwepo. Palibe chifukwa chosinthira chinthu chimene chikugwira bwino ntchito, makamaka popeza mukakakamira penapake, mphunzitsi mnzanu kapena mnyamata wa pa malo otayipira adzakuthandizani msanga chifukwa ndi zimene amazidziwa.

Koma ngati makina anu ndi akale moti Windows 11 ikuwakana, ndipo ntchito yanu ndi kulemba, kuwerengetsera ndalama, kufufuza pa intaneti, kuonera mafilimu ndi kuphunzira, uphungu wanga ndi Linux Mint. Ndikunena izi mosakayika chifukwa munthu woyamba kumene alibe zizolowezi zoti asiye: kwa iye Windows ndi Mint zonse ndi zachilendo mofanana, ndipo Mint sidzamupempha ndalama ya laisensi kapena kumukakamiza kugula laputopu ina. Amene amavutika kwambiri posintha si oyamba kumene ayi, koma anthu amene akhala zaka zambiri pa Windows ndipo manja awo adazolowera kumene chilichonse chimakhala.

Musanatsimikize, werengani funso la ntchito zimene siziyenda pa Linux, chifukwa pali anthu ena amene sayenera kusintha ngakhale makina awo atakhala akale.

Ndamva kuti Windows 10 idatha. Kodi kompyuta yanga isiya kuyaka?

Ayi, ipitiriza kuyaka ndi kugwira ntchito monga mwa masiku onse. Chimene chidatha pa 14 Okutobala 2025 ndi chisamaliro cha Microsoft, kutanthauza kuti mipata imene akuba a pa intaneti amatulukira m'sisitemuyi siikutsekedwanso mwa nthawi zonse. Microsoft idakhazikitsa ndondomeko yowonjezera chitetezo kwa anthu wamba yotchedwa Extended Security Updates, koma ndi ya kanthawi chabe (poikhazikitsa idati idzatha pa 13 Okutobala 2026), ndipo munthu amayenera kulembetsa.

Zoterezi zidachitikanso ndi Windows 7 pa 14 Januwale 2020 ndi Windows 8.1 mu Januwale 2023. Poyamba simuona kusiyana kulikonse, koma pakapita nthawi mapulogalamu monga Chrome ndi Firefox amasiya kutulutsa mitundu yatsopano ya sisitemu yakaleyo, kenako masamba ena a pa intaneti amayamba kukana kutseguka bwino. Kompyuta imene siilumikizidwa pa intaneti, monga ya pa sukulu yongotayipira mayeso, ikhoza kukhalabe pa Windows 10 kwa nthawi yaitali. Koma imene mumalowera ku banki, ku imelo kapena ku Msonkho Online ya MRA siyenera kukhala yopanda chitetezo.

Ndingadziwe bwanji ngati laputopu yanga ingatenge Windows 11?

Windows 11, imene idatuluka mu Okutobala 2021, imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo osungira osachepera 64 GB, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndiponso purosesa, imene ili ngati ubongo wa kompyuta, yatsopano ndithu. Apa ndi pamene malaputopu ambiri akaunjika amagwera. Kumbali ya Intel imafunika ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, ndipo kumbali ya AMD imayambira pa Ryzen 2000.

Tsegulani Settings, kenako System, kenako About, ndipo muona dzina la purosesa. Nambala yotsatira kamzere ndiyo imanena m'badwo: Core i5-6300U ndi ya m'badwo wa 6 ndipo siloledwa, Core i5-8250U ndi ya m'badwo wa 8 ndipo imaloledwa, pamene i5-10210U ndi ya m'badwo wa 10. Mawu akuti i5 kapena i7 paokha sanena za msinkhu wa makina, ndipo ambiri amagula i7 ya 2013 poganiza kuti ndi yamphamvu kuposa i5 ya 2019. Pulogalamu ya Microsoft yotchedwa PC Health Check imakuuzaninso yankho mwachindunji.

Pali njira zokakamizira Windows 11 pa makina osaloledwa, ndipo amisiri ambiri amazidziwa. Zimatheka, koma Microsoft idanena poyera kuti sikulonjeza kupereka zosintha za chitetezo ku makina otere. Komanso pa laputopu ya 4 GB yokhala ndi hadi disiki yakale yozungulira, Windows 11 imayenda mokwawa.

Wondigulitsa adaika Windows ndi Office za crack. Vuto lake n'chiyani ngati zikugwira ntchito?

Vuto loyamba ndi lakuti timapulogalamu tothyolera laisensi nthawi zambiri timafuna kuti muyambe mwazimitsa chitetezo cha kompyuta, ndipo palibe amene angakutsimikizireni chimene chalowa limodzi nato. Mapasiwedi a ku banki ndi a imelo amabedwa kudzera m'njira yomweyi. Vuto lachiwiri ndi la malamulo, makamaka kwa sukulu, mpingo kapena bungwe limene mabuku ake amafufuzidwa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri kuthyolako kumakhala kosafunika. Malaputopu ambiri a m'maofesi monga HP EliteBook, Dell Latitude ndi Lenovo ThinkPad amene adagulitsidwa ndi Windows 10 kapena 11 ali ndi kiyi ya laisensi yolembedwa m'kati mwa makina momwemo. Mukaika Windows yoyera yochokera ku Microsoft, ya mtundu woyenera, Home kapena Pro, imadzitsimikiza yokha mukangolumikiza intaneti. Za Office onani funso la Word ndi Excel.

Pa mitundu yonse ya Linux, n'chifukwa chiyani mumatchula Mint?

Chifukwa munthu wochokera ku Windows sasochera. Batani la menyu lili pansi kumanzere, wotchi ili pansi kumanja, mafoda amatseguka monga mudazolowera, ndipo mukangomaliza kuiika mumapeza Firefox, LibreOffice ndi pulogalamu yoonera mavidiyo zili kale m'malo. Mapulogalamu ena mumawatenga mu Software Manager mmene mumachitira pa Play Store, osati posakasaka m'masamba osadziwika.

Linux Mint adaiyamba Clément Lefèbvre mu 2006, ndipo imamangidwa pa Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa adaikhazikitsa mu 2004. Ubale umenewu ndi wothandiza, chifukwa malangizo ambiri olembedwera Ubuntu amagwiranso ntchito pa Mint. Ubuntu imatulutsa mtundu wokhalitsa wotchedwa LTS mu Epulo pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo umasamalidwa kwa zaka zisanu. Linux Mint 22, imene idatuluka mu 2024, idzasamalidwa mpaka 2029.

Mint imabwera m'maonekedwe atatu. Cinnamon ndi yokongola ndipo ndi imene ndimaikira munthu wokhala ndi RAM ya 4 GB kapena kuposa. MATE ndi Xfce ndi zopepuka, zoyenera makina ofooka. Eni ake amati 2 GB ndi yokwanira kuyambira, koma zoona zake n'zakuti masamba a pa intaneti a masiku ano amadya RAM yambiri pa sisitemu iliyonse, kotero mukatsegula masamba asanu ndi limodzi pa 2 GB mudzadikirabe. Ngati muli ndi ndalama pang'ono yoti muwonjezere pa laputopu yakale, gulani SSD, chosungira mafayilo chachangu cholowa m'malo mwa hadi disiki yozungulira, musanagule china chilichonse, pakuti kusintha kumeneku kumamveka kuposa kusintha sisitemu. Ubuntu ndi Zorin OS nazonso ndi zabwino kwa oyamba kumene, ndipo ngati munthu amene adzakuthandizeni amadziwa imodzi mwa izo, tengani imeneyo.

Kodi ndi yaulere zenizeni?

Inde, palibe laisensi yogula ndipo palibe tsiku limene idzakutsekereni. Chimene mumalipira ndi bandulo. Fayilo yoikira Mint ndi pafupifupi 3 GB, pamene ya Windows 11 imaposa 5 GB, ndipo mukamaliza kuika pamakhala zosintha zina zoti zitsitsidwe. Fayilo imodziyo ikhoza kuikidwa pa makompyuta ambiri ndipo kugawana n'kololedwa, choncho aphunzitsi a pa sukulu imodzi ku Mayani kapena ku Lizulu angathe kusonkherana bandulo imodzi n'kukopelana pa fulashi. Chofunika n'chakuti woyambayo aitenge pa tsamba lenileni la Linux Mint.

Pa kagwiritsidwe ntchito ka tsiku ndi tsiku, Mint imakudziwitsani kuti pali zosintha n'kudikira kuti muvomereze. Windows imakonda kutsitsa yokha, ndipo njira yoichepetsera ndi kuyatsa Metered connection pa netiweki ya foni yanu.

Nanga Word ndi Excel ndidzazipeza?

Microsoft Office ilibe mtundu woikika pa Linux. M'malo mwake muli LibreOffice, imene idayamba mu 2010: Writer imagwira ntchito ya Word, Calc ya Excel, Impress ya PowerPoint. Imatsegula ndi kusunga mafayilo a docx, xlsx ndi pptx, ndipo pa makalata, malipoti, mayeso, mndandanda wa malikisi kapena kaundula wa banki mkhonde simudzasowa kanthu.

Pamene pamavuta ndi pa zolemba zokongoletsedwa kwambiri, zokhala ndi matebulo olowana, mabokosi a mawu ndi zithunzi zambiri, komanso mafayilo a Excel okhala ndi ma macro, timalamulo tochititsa ntchito zina kuti zizichitika zokha. Chifukwa chachikulu cha kusuntha kwa mizere ndi zilembo: Calibri ndi Times New Roman zimabwera ndi Windows, ndipo zikasowa, kompyuta imaika zina zosiyana kukula. Zilembo zotchedwa Carlito ndi Liberation Serif zidapangidwa kuti zizitenga malo ofanana ndendende ndi ziwirizo, ndipo zimachepetsa vutoli. Chizolowezi chabwino n'chakuti chilichonse chopita kukasindikizidwa kapena kutumizidwa kwa bwana chisungidwe ngati PDF, chifukwa PDF sisintha maonekedwe kulikonse kumene yatsegulidwa. Ngati lekichara wanena kuti akufuna docx, isungeni motero ndipo muitsegule kaye pa kompyuta ya Windows musanatumize ntchito yofunika ngati disateshoni.

LibreOffice iliponso ya Windows. Ikani lero, mugwiritse ntchito kwa masabata angapo musanakhudze sisitemu, ndipo mudzadziwa nokha ngati ikukukwanirani.

Ndi ntchito ziti zimene siziyenda pa Linux?

Photoshop, CorelDRAW, AutoCAD, ArcGIS Pro, QuickBooks ya pa kompyuta ndi FL Studio zilibe mitundu ya Linux. Chimodzimodzi mapulogalamu ambiri okonzera ndi kufulashira mafoni, amene amadalira madiraiva a Windows, timapulogalamu tothandiza sisitemu kulankhulana ndi zipangizo. Ngati chakudya chanu chimachokera pa kupanga makadi a ukwati, zikwangwani ndi makalendala mu CorelDRAW, kapena kujambula nyimbo za makwaya mu FL Studio, musasinthe sisitemu ya makina ogwirira ntchito. GIMP, Inkscape, Kdenlive ndi Audacity ndi mapulogalamu amphamvu, koma kuwaphunzira kumafuna nthawi, ndipo kasitomala wobwera ndi fayilo yake sadzadikira kuti muphunzire.

Pali pulogalamu yotchedwa Wine imene imayendetsa mapulogalamu ena a Windows pa Linux. Ena amayenda bwino, ena amakana, ndipo si chinthu choti munthu amangepo bizinesi. Ophunzira za nkhalango, zaulimi ndi za malo akhoza kusangalala kuti QGIS ndi R zimayenda bwino pa masisitemu onse. Kwa mwana wa sekondale amene akuphunzira Computer Studies, funsani aphunzitsi ake mapulogalamu amene amagwiritsa ntchito m'kalasi, kuti zimene akuyeserera kunyumba zifanane ndi zimene adzakumane nazo pa mayeso.

Kodi ndingayese Linux osafufuta Windows?

Inde, ndipo palibe amene ayenera kusintha asanayese chonchi. Mufunika fulashi ya 8 GB imene mulibe kanthu kofunika, chifukwa zonse za m'menemo zifufutika. Tengani fayilo ya Mint ija, imene imathera ndi iso, ndipo muilembe pa fulashi pogwiritsa ntchito Rufus kapena balenaEtcher. Kungoikopera pa fulashi monga mumachitira ndi nyimbo sikugwira ntchito.

Zimitsani kompyuta, lowetsani fulashi, yatsani, ndipo nthawi yomweyo dinani mobwereza batani lotsegula menyu yoyambira. Pa HP ndi Esc kenako F9, pa Dell ndi F12, ndipo pa Lenovo nthawi zambiri ndi F12. Sankhani fulashi, ndipo pakapita kanthawi Mint itseguka yathunthu popanda kukhudza hadi disiki yanu. Yesani Wi-Fi, mawu, kamera, kuwala kwa sikirini ndi pirinta yanu, tsegulaninso mafayilo anu enieni a ntchito. Idzaoneka yochedwa chifukwa ikuwerengedwa kuchokera pa fulashi, choncho musaweruze liwiro lake pamenepa. Mukazimitsa n'kuchotsa fulashi, Windows yanu ibwerera monga munaisiyira.

Ndisunge chiyani ndisanasinthe?

Chilichonse chimene mungalire chitatayika, ndipo chisungidwe kunja kwa kompyutayo. Ambiri amasamutsira mafayilo ku D poganiza kuti apulumuka, koma C ndi D nthawi zambiri ndi zigawo za hadi disiki imodzi, ndipo mukasankha Erase disk poika sisitemu yatsopano zonse ziwiri zimapita. Koperani Documents, Desktop, Downloads ndi Pictures pa hadi disiki yakunja kapena pa mafulashi awiri, kenako mukatsegule ena mwa mafayilowo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti alipodi.

Kumbukirani mapasiwedi amene Chrome idakusungirani ndipo inu mudawaiwala kalekale, makamaka a Gmail. Ngati hadi disiki ndi yokhomedwa ndi BitLocker, lembani pa pepala kiyi yake yotsegulira, ya manambala 48, imene imapezeka mu akaunti yanu ya Microsoft. Popanda kiyi imeneyi palibe mmisiri amene angakutulutsireni mafayilo. Laputopu ya kuntchito kapena ya pulojekiti musaisinthe popanda chilolezo cha eni ake.

Kodi ndingakhale ndi Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi?

N'zotheka, ndipo amati dual boot. Hadi disiki imagawidwa pawiri, ndipo mukayatsa pamabwera menyu yotchedwa GRUB yokufunsani kumene mukufuna kulowa. Njirayi ndi yoyenera munthu amene ali ndi pulogalamu imodzi kapena ziwiri zomumangirira ku Windows, koma ntchito zina zonse akufuna kuchitira pa sisitemu yotetezeka.

Windows iyambe kukhalapo, Linux ibwere pambuyo. Muli mu Windows, zimitsani Fast Startup mu Power Options, chifukwa ikakhala yoyaka Windows sizima kwathunthu ndipo Linux siloledwa kulemba m'gawo lake. Imitsaninso BitLocker ngati ilipo. Kenako chepetsani gawo la C kudzera mu Disk Management kuti pakhale malo opanda kanthu. Mint imakwana pa 20 GB, koma kuti mukhale momasuka perekani 60 GB kapena kuposa. Poika, sankhani mzere wonena kuti Install Linux Mint alongside Windows Boot Manager. Mzerewu ukapanda kuoneka, imani pomwepo ndipo mufunse wodziwa, musayerekeze kusankha wina.

Linux imawerenga mafayilo a ku mbali ya Windows popanda vuto, koma Windows payokha siona za ku mbali ya Linux, choncho mafayilo ofunika mbali zonse asungidwe ku gawo la Windows. Pa hadi disiki ya 128 GB dual boot imapanikiza mbali zonse ziwiri, ndipo ndi bwino kungosankha sisitemu imodzi. Njira ina ndi VirtualBox, imene imayendetsa sisitemu ina m'kati mwa inzake, koma imafuna RAM ya 8 GB kuti isakutopetseni.

Chiikireni dual boot, wotchi ya Windows imatsalira ndi maola awiri. Chalakwika n'chiyani?

Palibe chawonongeka. Linux imasunga wotchi ya m'makina pa nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC, pamene Windows imaiwerenga ngati nthawi ya kwanuko, ndipo Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri. Mu Mint tsegulani Terminal, lembani timedatectl set-local-rtc 1, ndipo mbali ziwirizi zigwirizana. Onetsetsaninso kuti poika munasankha Blantyre ngati dera la nthawi.

Bwanji magetsi akathima ndili m'kati moika?

Funsoli n'lofunika kuno kwathu kuposa mmene malangizo olembedwa kunja amaganizira. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene hadi disiki ikugawidwa, chifukwa kompyuta ikazima pamenepo zigawo zonse zikhoza kusokonekera. Ikazima mafayilo a sisitemu akukopedwa, mumangoyambiranso kuchokera pa fulashi. Malaputopu ambiri akaunjika ali ndi batire yotha, yosafika ngakhale mphindi 20, choncho yesani kaye nthawi imene yanu imakhala mutaichotsa pa magetsi. Ngati ndi yofooka, kapena ngati ndi kompyuta ya patebulo, chitani ntchitoyi pamalo pamene pali sola ndi inveta kapena UPS, ndipo onani ndondomeko ya ESCOM ya tsikulo. Kuika kwenikweniko nthawi zambiri sikupitirira theka la ola pa makina okhala ndi SSD. Ngati munatsatira zimene zili pa funso la kusunga mafayilo, chachikulu chimene mungataye ndi nthawi chabe.

Wi-Fi kapena pirinta ikakana pa Linux nditani?

Lumikizani foni ya Android ndi chingwe, yatsani USB tethering, ndipo Mint ipeza intaneti ya Airtel kapena TNM popanda kuika chilichonse. Kenako tsegulani Driver Manager, imene imakusonyezani madiraiva osowa. Izi zimachitika kawirikawiri pa malaputopu okhala ndi Wi-Fi ya Broadcom kapena khadi la zithunzi la Nvidia.

Mapirinta ambiri a HP amadziwika okha mukangolumikiza. Ena a Epson ndi Canon amafuna diraiva yochokera pa tsamba la kampaniyo, ndipo mitundu ina yakale monga Canon LBP2900 imafuna munthu woleza mtima. Ngati pirinta ndiyo bizinesi yanu, iyeseni pa fulashi monga tafotokozera musanapange chisankho.

Kodi Linux igwidwa ndi vairasi ya pa fulashi imene imasandutsa mafoda kukhala ma shortcut?

Ayi. Vairasi imeneyi idalembedwera Windows ndipo pa Linux siyaka. Mukalowetsa fulashi yodwalayo mu Mint mumaona mafayilo anu amene adabisika pamodzi ndi timafayilo ta vairasiyo, ndipo mukhoza kukopera zanu n'kufomata fulashi. Kwa mphunzitsi amene fulashi yake imayenda m'malo osindikizira osiyanasiyana nthawi ya mayeso, ichi chokha ndi mpumulo waukulu. Dziwani komabe kuti fayilo yodwala ikhoza kudutsa pa Linux osakuvulazani n'kukavulaza mnzanu wa Windows, ndiponso kuti palibe sisitemu imene ingakutetezeni mukapereka nokha pasiwedi kapena nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money kwa munthu wachinyengo. Fulashi yoyenda pakati pa masisitemu awiriwa muifomate ngati exFAT kapena FAT32.

Ndingalembe bwanji chilembo cha ŵ?

Mu Word pa Windows lembani 0175 kenako dinani Alt ndi X pamodzi. M'mapulogalamu ambiri a pa Mint dinani Ctrl, Shift ndi U pamodzi, lembani 175, kenako Enter. Chachikulu chake, Ŵ, ndi 0174 mu Word ndi 174 pa Mint. Njira ya Alt ndi X imagwiranso ntchito mu LibreOffice Writer.

Ndikapanda kuikonda Linux, ndingabwerere ku Windows?

Mungathe. Laisensi ya Windows 10 kapena 11 imene idatsimikizidwa kale pa makina anu imakhala yolumikizidwa ndi makinawo, ndipo kufufuta hadi disiki sikuichotsa. Chimene ndimalangiza n'chakuti fulashi yoikira Windows muipangiretu musanachoke, pogwiritsa ntchito Media Creation Tool ya Microsoft, chifukwa pulogalamuyi ndiponso Rufus zimayenda pa Windows pokha. Mukaiwala, Ventoy imatha kukupangirani fulashi yotere muli pa Linux, kapena mungabwereke kompyuta ya mnzanu. Lembani penapake ngati Windows yanu inali Home kapena Pro, ndipo poikanso musankhe yomweyo. Ikafunsa kiyi, dinani mawu onena kuti mulibe, idzadzitsimikiza yokha pa intaneti. Windows 11 imafunanso intaneti ndi akaunti ya Microsoft poiyambitsa koyamba, choncho khalani ndi bandulo yokwanira.

Ngati munali pa dual boot, musangofufuta gawo la Linux muli mu Windows, chifukwa menyu ya GRUB idzasowa mafayilo ake ndipo kompyuta ikhoza kuima pa sikirini yakuda. Yambani mwalowa mu BIOS, menyu ya makina imene imatsegulidwa poyatsa sisitemu isanadzuke, n'kukweza Windows Boot Manager pamwamba pa mndandanda, tsimikizani kuti makina akulowa mu Windows okha popanda kufunsa, ndipo pamenepo m'pamene mungafufute gawo la Linux mu Disk Management n'kubwezera malowo ku C. Mafayilo anu a ku mbali ya Linux muwakopere kunja musanachite zimenezi, pakuti Windows sidzakuonetsani zimene zili m'gawo limene mukufufutalo.